Katswiri wa kadyedwe amene anandibwezera nsima pambuyo pa opaleshoni ya chifu

Chipatala chimene chinandipanga opaleshoni yochepetsa chifu kuno ku Johannesburg sichilola kuti munthu alipire opaleshoni yokha. Pa pepala la mtengo pali mzere wachiwiri, wa chisamaliro cha chaka chimodzi: kuonana ndi katswiri wa kadyedwe, kuyezedwa magazi, nambala ya WhatsApp yofunsirapo ukakhala ndi vuto, ndi gulu la anthu opangidwa opaleshoni yomweyi lomwe limakumana mwezi ndi mwezi. Mzere wachiwiriwu ndi umene ndikufuna kukambapo. Amalawi anzanga akamandikokera pambali tikaweruka kutchalitchi amafunsa za dokotala amene anandicheka, kuti anatenga maola angati, zipsera n'zazikulu bwanji, ndinagona masiku angati. Za mayi amene anandiphunzitsa kudya palibe amafunsa, pomwe thupi lomwe akulionali analiumba kwambiri ndi iwowo. Dzina la chipatala ndi la mayiwo ndazisunga chifukwa ndili ndi madandaulo anganso, ndipo zimene ndinene zingakuthandizeni kulikonse komwe mungakafunse mtengo.

Ndine mayi wa zaka za m'ma 40, wa ku Zomba, ndimakonza malipiro a antchito pa kampani ina. Chimene chinandifikitsa ku opaleshoni ndi shuga. Mapiritsi a shuga a Metformin anasiya kukwanira, anandiwonjezera jakisoni wa insulin, BP nayo inali pamwamba, ndipo usiku ndinkabanika kutulo mpaka bambo akunyumba ankachita kundigwedeza kuti ndipume. BMI yanga, muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake, inali itadutsa 40. Kwa zaka zambiri madokotala ankatsata malire amene anaikidwa ku America mu 1991, oti opaleshoniyi ndi ya munthu wa BMI 40, kapena 35 ngati ali ndi matenda ngati shuga. Mu 2022 mabungwe a madokotala a ntchitoyi anatsitsa malirewo kufika pa 35, ndi 30 kwa odwala shuga. Ine ndinali nditadutsa ngakhale malire akalewo, ndiye medical aid inavomera kulipira gawo lina, lotsalalo tinasonkha tokha m'nyumba.

Anandipanga gastric bypass. Amadula chifu kumtunda n'kusiya kathumba kolowa mamililita pafupifupi 30, ndiye kuti masupuni awiri aakulu, kenako n'kukalumikiza kathumbako ndi matumbo aang'ono chapatsogolo. Chakudya chimalambalala chifu chotsalacho pamodzi ndi chigawo choyamba cha matumbo, pamene thupi limayamwira kwambiri ayironi ndi kashiamu. Mayi a kadyedwe aja anandijambulira zimenezi papepala tsiku loyamba. Anandiuzanso kuti opaleshoniyi si yadzana, anaiyamba ndi dokotala Edward Mason ku Iowa m'ma 1960, choncho zimene thupi limadzasowa pambuyo pake n'zodziwika kale ndipo palibe chifukwa chodikira kuti ndidwale kaye.

Chimene chinandigwira mtima ndi funso lawo loyamba. Sanandipatse pepala la zakudya. Anati ndijambule pafoni chilichonse cholowa m'kamwa mwanga kwa sabata yonse, Lamlungu lomwe, osakongoletsa. Nditabwera nazo zithunzi, nsima anaizindikira nthawi yomweyo chifukwa kuno amaitcha pap ndipo amadya aliyense. Koma therere sankalidziwa, chigwada sankachidziwa, usipa anaufunsa kawiri, ndipo nsinjiro anachita kundiuza kuti ndibweretse m'kabotolo aione. Anatenga cholembera n'kuyamba kufunsa kaphikidwe: mafuta mumathira ochuluka bwanji mu mpoto wa nyemba, tomato angati, nsinjiro supuni zingati mu nkhwani, amadya anthu angati. Ndinali nditapitapo kale kwa akatswiri ena zaka za m'mbuyomo, amene ankandipatsa pepala lolembedwa zakudya zimene sindinaphikepo chibadwire, ndipo mapepala onsewo anathera m'dirowa. Awa anatenga mphika wanga womwe n'kuukonza. Pa chifukwa chimenechi chokha ndinganene kuti theka la ndalama zanga linabwerera.

Opaleshoni isanachitike panali masabata awiri a zakudya zochepa kwambiri, zofewetsera ndi kuchepetsa chiwindi kuti dokotala afike bwino pa chifu. Analipo owawa koma anatha. Pambuyo pa opaleshoni tinayenda ndi masitepe amene aliyense amadutsamo: zamadzimadzi zokha poyamba, kenako zopota, kenako zofewa, mpaka chakudya wamba patatha masabata 6 mpaka 8. Apa ndi pamene luso lawo linaonekera. Pepala la chipatala linali ndi yogati, supu wa m'paketi ndi ufa wa mapuloteni wosungunula. Iwo analembapo ndi cholembera: msuzi wa nkhuku wosefa, amasi, amene kwathu timati chambiko, phala la soya lopanda shuga. Pa siteji ya zopota ndinawafotokozera za chipere, nyemba zosenda makoko zophika mpaka kuphwanyika, ndipo anakondwa kwambiri, anati chakudya chimenecho chili ndi zonse zimene akufuna pa sabata imeneyo. Ndinadya chipere, dzungu lopota, dzira lofewa ndi nsomba yophwanya, kasupuni kamodzikamodzi. Kudya chinthu chimene amayi ankandiphikira ndili mwana, pa nthawi imene thupi lonse likumveka lachilendo, kunandikhazika mtima pansi kuposa mankhwala.

Phunziro lalikulu linali la nsima, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri a ife tingapunthwe. Kwathu ndiwo zimaperekeza nsima. Pambuyo pa opaleshoni zinthu zimatembenuka, nsima ndiyo imaperekeza ndiwo, ndipo nthawi zina siperekeza n'komwe. Munthu amafunika magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni tsiku lililonse kuti thupi lisadye minofu yake pamene likutaya mafuta, ndipo dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha. Kathumba kolowa chakudya chochepa chotere ukakadzaza ndi nsima, malo a nsomba atha. Ndiye lamulo linali lakuti yambani ndi nsomba, nkhuku, dzira kapena nyemba, kenako masamba, nsima pomaliza ngati malo atsala.

Tsiku lina anandifunsa kuti, "Kodi pap wanuyo mumatafuna?" Ndinaganiza kaye. Ife nsima sititafuna kwenikweni. Timatema mbamu, kuiumba m'manja, kuiviika mu therere, kenako n'kumeza. Pakamwa pa kathumba katsopanoka ndi papang'ono, ndipo mbamu yomeza yonse imakakhala pamenepo, pachifuwa kumapweteka, malovu kumadzaza m'kamwa mpaka kusanza. Anandichenjeza zimenezi ndisanayambe n'komwe kudya nsima. Anati ndiziphika yofewerapo, ya mgaiwa ikapezeka, ndiziteme timbamu tating'ono ndi kutafuna mpaka isungunuke. Lero ndimadya timbamu tiwiri kapena titatu kumapeto kwa chakudya chamadzulo, ndipo mtima umakhala kuti ndadya. Katswiri wina akanangolemba kuti nsima ayi, ndipo ndikudziwa bwino kuti sindikanamvera mpaka kalekale. Zina zimene zimakakamira anandilembera pamodzi: mpunga, buledi watsopano, nyama youma ya pa braai, chimanga chootcha, mango a ulusi.

Usipa wouma umene umabwera pa basi kuchokera kwathu anauvomereza ndi manja awiri, chifukwa umadyedwa ndi minga yake yomwe ndipo umapereka mapuloteni ndi kashiamu pamodzi. Anangoti ndiziunyika kaye m'madzi kuti mchere uchepe ndi kuuphika mpaka ufewe. Soya pieces anati n'zabwino, bola mafuta achepe. Pa nsinjiro tinakanganapo. Ine ndinkati mtedza ndi chakudya chomanga thupi, iwo anati n'zoona koma pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta, ndiye nkhwani wotendera ndidye ndithu koma mtedza wokazinga wotafuna pa desiki ndiuiwale. Pa nthawiyo ndinaona ngati akukhwimitsa zinthu. Chaka chachiwiri chinaonetsa kuti ankadziwa zimene ankanena.

Lamulo la madzi ndi limene linandivuta kuzolowera: osamwa chilichonse mphindi 30 usanadye, pakudya, ndi mphindi 30 utatha kudya, chifukwa madzi amakokolola chakudya m'kathumba njala n'kubwerera msanga. Komabe pa tsiku uyenera kumaliza lita imodzi ndi theka, pang'onopang'ono, chifukwa kugugudiza sikuthekanso. Zakumwa za gasi anati ayi. Thobwa ndi mageu anatinso ayi chifukwa cha shuga wake, ndipo thobwa ndimalisowa mpaka lero.

Nambala ya WhatsApp ndinaiyesa pa maliro a Mmalawi mnzathu ku East Rand. Mukudziwa tiyi wa pa maliro, amabwera m'ndowa shuga atathiramo kale. Ndinamwa theka la kapu m'mawa kuli chisanu. Pasanathe mphindi 20 mtima unayamba kuthamanga, thukuta lozizira, chizungulire, m'mimba kupotokola. Ndinakagona m'galimoto n'kulemba uthenga. Linali Loweruka, koma yankho linabwera msanga: imeneyo ndi dumping syndrome, shuga wambiri wafika m'matumbo nthawi imodzi n'kukokera madzi kumeneko, gonani chammbali, isiya yokha, koma mukhale tcheru pakati pa ola limodzi ndi maola atatu chifukwa shuga wa m'magazi akhoza kutsika kwambiri thupi likatulutsa insulin wochuluka. Anandiuza kuti ndidziyeze ndi kamakina kanga, ndidye dzira kapena nyemba pang'ono m'mimba mukakhazikika. Zinayenda momwemo. Pa mbali imeneyi ndilibe chodandaula. Mafunso wamba ankayankhidwa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndipo funso likaposa ntchito yawo ankanena poyera kuti ili n'la dokotala, imbani tsopano.

Za tsitsi anandichenjeza kale kuti lidzathothoka pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, ndi kuti lidzameranso. Linathothoka, ndinasiya kuluka zokoka kwa kanthawi, linamera. Kudzimbidwa chifukwa cha mapiritsi a ayironi anakukonza ndi madzi, mapapaya ndi masamba. Anandifotokozeranso kuti kuonda mofulumira kumatha kubweretsa timiyala mu ndulu, ndipo dokotala anandipatsa mankhwala oteteza kwa miyezi yoyambirira.

Tsopano madandaulo. Loyamba ndi la mavitamini. Munthu wa bypass amamwa mavitamini moyo wake wonse, palibe kukambirana: piritsi la mavitamini osiyanasiyana, ayironi, kashiamu wokhala ndi vitamini D, ndi B12, amene ine ndimabayitsa jakisoni miyezi itatu iliyonse. Malangizo ake anali omveka bwino. Kashiamu akhale wa mtundu wa citrate chifukwa salira asidi wa m'chifu kuti alowe m'thupi. Ayironi ndi kashiamu azitalikirana ndi maola awiri chifukwa amalimbirana njira. Ayironi asamwedwe ndi tiyi. Zonsezi n'zabwino. Chimene sichinandisangalatse ndi shelefu ya mabotolo imene ili pafupi ndi pomwe timalipirira. Ukamatuluka, mtsikana wa pa kauntala amakhala atakuikira kale mabotolo a mwezi m'kapepala, ndipo amalankhula ngati kuti kwina kulikonse kulibe mavitamini oyenera munthu wa opaleshoni. Mtengo wake unkandidya kwambiri pa nthawi imene ngongole ya opaleshoni inali isanathe. Nditawafunsa mayiwo maso ndi maso ngati ku famase wamba kuli zofanana, anandilembera milingo imene ndiyenera kuyang'ana pa botolo, ndipo wa ku famase anandisonkhanitsira zokwanira pa mtengo wotsika ndithu. Magazi anga sanasinthe. Pepala la milingo limenelo linayenera kuperekedwa kwa aliyense tsiku loyamba, osadikira kuti munthu achite kufunsa. Alipo anthu amene amasiya mavitamini chifukwa cha mtengo, osanena, ndipo kusowa kwa B12 kumawononga mitsempha mwakachetechete.

Kuyeza magazi kunali kwadongosolo, ndipo kunagwira kutsika kwa ayironi wosungidwa m'thupi ndisanayambe kumva kufooka. Kwa ife amayi amene tikusambabe, vuto limeneli n'lofala pambuyo pa bypass. Anandikhomereranso m'mutu nkhani ya mankhwala a ululu: ibuprofen, diclofenac, aspirin ndi maufa a mutu amene ali ndi aspirin ndi oletsedwa, chifukwa amatha kuyambitsa zilonda pamene kathumba kanalumikizidwa ndi matumbo. Panado yekha ndiye bwenzi. Ndimanena zimenezi kwa dokotala wa mano ndi kwa aliyense wondilembera mankhwala.

Dandaulo lachiwiri ndi gulu lija. Limakumana madzulo pakati pa sabata, kudera kumene taxi sizifika bwino kukada, ndiye amene alibe galimoto sabwera. Nkhani zambiri zinali za opaleshoni yochotsa khungu lotsala ndi za malo odyera amene amalola kugula mbale ya ana. Chenjezo la mowa linali lothandiza kwa amene amamwa, kuti pambuyo pa bypass umalowa m'magazi msanga ndipo ena amagwa m'chizolowezi chimene analibe kale. Koma vuto langa lenileni silinali pa ndandanda yawo.

Vuto langa linali December, ku Zomba. Ndinatsika basi nditachepa kwambiri kuyerekeza ndi momwe anandionera komaliza. Kwathu munthu wochokera kunja akanenepa ndiye kuti zikuyenda, mkazi akanenepa ndiye kuti mwamuna akusamala. Ndipo tonse tikukumbukira zaka zija pamene kuonda kwadzidzidzi kunkatanthauza chinthu chimodzi chokha, maliro tsiku ndi tsiku, ma ARV asanafike kwa anthu wamba. Chikumbukiro chimenecho sichinachoke m'maso mwa anthu. Apongozi anandiitanira kuchipinda, n'kutseka chitseko. "Mwana wanga, musatibisire. Mukudwala chiyani? Ngati ndi matenda aja, mankhwala alipo masiku ano, palibe chamanyazi." Anali kunena mwachikondi, misozi ili m'maso. Alamu anga anakamufunsa mchimwene wawo kuseri ngati m'banja muli mtendere. Kenako nkhuku inaphedwa, nsima mitanda inayi inabwera patsogolo panga, ndipo aliyense anali kuyang'ana dzanja langa.

Mlangizi wa za maganizo wa pagululo anali atatiphunzitsa kuti wina akakukakamiza chakudya uzingoti ayi zikomo, thupi ndi lako. Mawu amenewo angagwire ntchito mu ofesi. Pa mphasa ya apongozi, amene aphera iwe nkhuku yawo, ndi chipongwe. Nzeru imene inandithandiza inachokera kwa mayi wina wa ku Zimbabwe amene tinkacheza panja gulu likatha. Anati uyambe wauza mayi wamkulu wa pakhomopo muli awiri, chakudya chisanaphikidwe, ndipo utchule shuga, chifukwa shuga aliyense amamudziwa ndi kumuopa. Ukatero iyeyo ndi amene adzakuteteze kwa ena onse. Ndinachita zomwezo. Ndinawaonetsa apongozi timabowo ta pamimba, ndinawauza kuti jakisoni wa insulin ndinasiya, ndinawafotokozera kuti m'mimba mwanga mukulowa chakudya cha mwana. Tsiku lotsatira ndi iwo amene anali kukalipira azakhali kuti, "Musamukakamize, adokotala analetsa, mupatseni chiwindi ndi masamba basi." Chipatala chimene chimalandira anthu ochokera ku Limpopo, KwaZulu-Natal, Zimbabwe ndi Malawi chikanayenera kukhala ndi phunziro lonse la nkhani imeneyi. Nditawauza mayi a kadyedwe aja, anamvetsera bwino ndipo analemba, koma gululo si iwo amaliyendetsa.

Dandaulo lachitatu ndi lalikulu kuposa onse: chisamalirochi chimatha pa mwezi wa 12. Chaka choyamba sikelo imatsika yokha. Njala kulibe, kathumba n'kothina, aliyense akukuyamikira. Munthu amafika pansi penipeni pakati pa miyezi 12 ndi 18, ndipo kuchokera pamenepo njala imayamba kubwerera, kathumba kamazolowera, ndipo thupi lopepuka limatentha chakudya chochepa kuposa kale. Kafukufuku wamkulu wa ku Sweden wotchedwa Swedish Obese Subjects, amene anayamba mu 1987, anapeza kuti anthu a bypass anataya pafupifupi 32 peresenti ya kulemera kwawo pa chaka choyamba kapena chachiwiri, ndipo patatha zaka 10 anakhazikika pa 25 peresenti. Ndiye kuti kubwerera kwa makilogalamu ena n'kwachilengedwe, ndipo chipatala chimadziwa. N'chifukwa chiyani tsono akukusiya dzanja pamene mtsinje wayamba kuzama? Msuweni wanga amene ndi namwino ku Britain akuti kumeneko malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo, amafuna kuti munthu atsatiridwe ndi chipatala cha opaleshoni kwa zaka zosachepera ziwiri, kenako aziyezedwa magazi chaka ndi chaka moyo wonse. Zaka ziwiri n'zimene zikanayenera kukhala pa pepala la mtengo lija.

Kwa ine zinayamba chapakati pa chaka chachiwiri. Chakudya chenicheni ndinkadya chochepa monga mwa lamulo, koma pali zakudya zimene sizikhala m'kathumba, zimangosungunuka n'kudutsa: mabisiketi oviika mu tiyi, ma crisps, tiyi wa mkaka wochuluka, ndi mtedza wokazinga uja. Kumapeto kwa mwezi, ntchito ya malipiro ikatentha, dzanja limapita m'dirowa osaganiza. Sikelo inayamba kukwera pang'onopang'ono, ndipo mantha amene anandigwira sindingawafotokoze bwino, chifukwa ndinali nditaika ndalama za banja lonse pa opaleshoniyi. Ndinabwerera kwa mayiwo, ulendo uno kulipira ndekha pa ulendo uliwonse.

Sanandikalipire, ndipo sanandinamize kuti palibe vuto. Anabwerera ku zithunzi za pafoni, n'kundionetsa kuti vuto silinali pa mbale koma pakati pa mbale ndi mbale. Tinakonza zinthu zochepa zokha. Chakudya katatu pa tsiku ndi kachakudya kamodzi kokonzeratu, dzira lowiritsa kapena kapu ya amasi, osati chilichonse chopezeka. Chakudya chilichonse chiziyamba ndi chinthu cholimba chofuna kutafuna, chifukwa nkhuku imakhalitsa m'kathumba kuposa phala. Kudya kuzitha pa mphindi 20, chotsala chichotsedwe patebulo, chifukwa ukakhala ndi mbale ola lathunthu umaimaliza. Kukwera sikelo kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, m'mawa. Ndipo anawonjezera zonyamulanyamula zolimbitsa minofu pamwamba pa kuyenda, chifukwa minofu ndi imene imatentha chakudya ngakhale utakhala pansi. Anandiuzanso kuti ena amene thupi likubwerera mwamphamvu amapatsidwa majakisoni ochepetsa njala ngati semaglutide, koma imeneyo ndi nkhani ya dokotala, ndipo kwa ine anaona kuti sitinafikepo. Sikelo inaima, kenako inabwererako pang'ono, ndipo yakhazikika. Shuga wanga ali bwino popanda insulin, BP ndatsala ndi piritsi limodzi, ndipo bambo akunyumba amagona osandigwedeza.

Kodi ndinganene kuti mulipire? Inde. Kwa mayiwo ndikanalipira kawiri. Koma musanasaine funsani kuti katswiri wa kadyedwe ndi wolembetsedwa ku HPCSA, bungwe loona za ogwira ntchito zachipatala kuno, chifukwa alipo ambiri odzitcha alangizi a zakudya amene sanaphunzire za matumbo olumikizidwa. Pemphani kukumana naye opaleshoni isanachitike ndipo mutchuleni zakudya zanu zenizeni. Akakwinya nkhope pa nsima, kapena akakupatsani pepala asanakufunseni kanthu, funsani ngati alipo wina. Funsani mtengo wa chaka chachiwiri ndipo muuwerengere pamodzi ndi wa opaleshoni kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi wa mavitamini, amene satha.

Kwa amene mukuganiza zochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre kudzapangidwa opaleshoni kuno kenako n'kubwerera, chisamaliro chimenechi momwe chililimu sichinakonzedwere inu. Gulu simudzalifika, shelefu ya mavitamini ili kutali, ndipo magazi mudzayezetsa kwina. Pemphani kuti maulendo onse a katswiri wa kadyedwe akhale a pa vidiyo ndipo zilembedwe m'pangano. Fufuzani musananyamuke komwe mudzayezetse ayironi, B12 ndi vitamini D kwanuko, ndi dokotala amene adzawerenge zotsatira. Nyamulani mavitamini a miyezi ingapo. Amayi amene mukufunabe ana, madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18 musanatenge pakati, mphamvu yobereka imabwerera msanga thupi likatsika, ndipo mapiritsi olera sadalirika pambuyo pa bypass chifukwa salowa bwino m'thupi, ndiye kambiranani za njira ina. Kusanza kosalekeza kwa masiku angapo si chinthu chodikira nacho, chifukwa vitamini B1 amatha msanga m'thupi ndipo kusowa kwake kumawononga ubongo. Kupweteka kwambiri kwa m'mimba, ngakhale patapita zaka, kukhoza kukhala matumbo opotana pamalo a opaleshoni, ndipo kumafuna dokotala tsiku lomwelo. Pemphani kalata yofotokoza mtundu wa opaleshoni imene anakupangani ndi mankhwala oletsedwa, ijambuleni pafoni, ndipo wachibale mmodzi akhale nayonso, kuti dokotala wa ku Kamuzu Central kapena ku Queens akakulandirani usiku asayambe ndi kulota.